Belu la pa Nsanjiko Linalira Kanayi

Sunthirani kuno, utsi ukupita uko, ndipo amene ali ndi tulo adzuke akagone, chifukwa ine nkhani sindiibwereza. Inu mumati mizimu imadikira mdima, imayenda ndi akadzidzi. Bodza limenelo. Ya pachipatala cha pa Nsanjiko inkabwera dzuwa lili ngwee, anthu ali m'maso, ndipo inkakhala pabenchi mwaulemu kudikira kuitanidwa ngati wina aliyense.

Pachipatalapo pankagwira ntchito mayi wina, Velina Kanyenda, wolemba odwala. Ukalowa unkayamba kukumana ndi iyeyo pawindo. Ankatenga kabuku kako n'kukufunsa zinthu zinayi: dzina, mudzi, zaka, ndi vuto limene lakubweretsa. Zonsezo ankazilemba mukompyuta. Anali wamfupi, wa mawu aakulu, ndipo dera lonse linkamudziwa ndi chinthu chimodzi, choti sankadumphitsa munthu pamzere. Mkazi wa abusa anayesapo, anabwerera kumapeto kwa benchi chitenje chili m'manja. Malume ake enieni anayesapo, mpaka lero salankhulana. Ambiri ankamuda, koma omuda omwewo akadwala ankathokoza kuti pawindo pali Velina.

Kale ankaitana odwala ndi pakamwa, kenako kunabwera makina. Mayina onse ankasungidwa m'nkhokwe ya mukompyuta, imene eni ntchitoyo amati detabesi. M'nkhokwemo munali kamthenga kochita kulembedwa, iwo amati fankishoni, ndipo dzina lake kanali "wotsatira". Ntchito yake inali imodzi. Adokotala a pamalopo, a Thawale, akamaliza ndi wodwala ankadina batani m'chipinda mwawo. Kamthengako kankapita pamzere, n'kutenga munthu woyamba, n'kumuchotsa pa odikira, n'kuliza belu kamodzi. Zikatero sipika ya pakhonde inkatchula dzina ndi mudzi womwe, poti kwathu kuno a Phiri atha kukhala asanu pabenchi limodzi. Pagalasi la kompyuta ya adokotala pankaoneka madanga anayi a mafunso aja, lililonse ndi zake. Chaka chathunthu zinayenda popanda chokhumudwitsa.

Amene anakonza zonsezi anali bambo wina wa mutauni, Lameki, wa nsapato zosongoka ndi mafoni awiri. Lolemba lina anatulukira, anakhala pakompyuta theka la ola, n'kunena kuti wafupikitsa zina ndi zina kuti zizioneka bwino.

"Zinali zitalizitali ngati ulaliki wa pamaliro," anatero akutseka chikwama. "Pano n'kamzere kamodzi basi, kokongola."

Chikomekome cha mkuyu, abale anga. Anakwera galimoto yake n'kumapita.

Lachiwiri m'mawa Velina analemba anthu makumi atatu ndi awiri. A Thawale anadina batani, ndipo belu linalira kanayi, ngwe-ngwe-ngwe-ngwe, mothamanga ngati likuthawa chinthu. Velina anadzutsa mutu. Sipika inati, "Rabeka Phiri, wa kwa Ndembo."

Mayi wina kutsogolo kwa benchi anayamba kudzuka, kenako anakhalanso. Dzina linali lake, koma mudzi sunali wake. Anayang'ana uku ndi uku kuti aone mnzake wa dzina. Ndiye kumapeto kwenikweni kwa benchi, pafupi ndi ndowa yosambira m'manja, pamene Velina akanalumbira kuti panalibe munthu, panadzuka wina.

Musandifunse kuti anali wotani. Amene analipo amatsutsana mpaka lero. Wina amati anali mayi, wina amati inali nkhalamba yaimuna yofunda chitenje. Chimene amagwirizana n'chakuti anadutsa pakati pa mabenchi osagunda bondo la munthu, pomwe pamenepo m'popanikiza, ngakhale mwana amagunda. Analowa kwa adokotala, anatuluka ndi kapepala, anakalandira mankhwala ku famase, n'kukakhala pansi pa mthethe wa pageti. Sanapite kwawo.

Belu linaliranso kanayi, panadzukanso wina pamalo pomwe paja. Zinatero mpaka kasanu ndi katatu. Isanakwane teni koloko a Thawale anatuluka akudziongola.

"Lero ndiye Mulungu watikomera mtima," anatero. "Anthu asanu ndi atatu okha?"

Ataona mabenchi ali tho ndi anthu, anangoti kukamwa yasa. Velina anayang'ana mukompyuta. Munalibe wodikira ndi mmodzi yemwe. Anthu onse makumi atatu ndi awiri anali atalembedwa kuti aonedwa.

Sanataye nthawi. Anatola timabuku n'kuyamba kuitana ndi pakamwa ngati kale. Mayi uja woyamba atafika pakhomo, Velina anamufunsa dzina kuti atsimikize. Mayiyo anatsegula pakamwa, n'kutseka, n'kutsegulanso.

"Linali pompano," anatero, akuyang'ana pansi ngati lagwa.

Bambo wina analowa akutuluka thukuta, milomo itauma gwa. Adokotala atamufunsa pamene pakupweteka, dzanja lake linangoyendayenda m'mwamba mwa thupi osatera paliponse.

"China chake chikundidya, adokotala, koma chili kutali. Ndikuchimva ngati maliro a mudzi wina."

A Thawale anamupima apa ndi apo, anagwira njakata, n'kumulembera panado. Masana wakabaza anabwera atanyamula kumbuyo mayi wa mwana, mmodzi wa odwala a m'mawa aja. Anati wamupeza pamphambano ataima chiimire kuyambira m'mawa, osadziwa njira ya kwawo, pomwe mayiyo anabadwira konkuno ndipo wakabazayo ankawadziwa ngakhale amuna ake.

Panali nesi wamkulu pachipatalapo, a Nasoko, mayi wonenepa amene anagwira ntchito zaka makumi atatu ndipo mitembo anasambitsa yosawerengeka. Munthu ameneyu sankaopa kanthu, koma tsiku limenelo anafika pawindo la Velina akunong'ona.

"Mwana wanga, aja ali pansi pa mthethe aja wawaona? Woyamba uja ndinamukweza pasikelo, muvi sunasunthe. Ndinati sikelo yafa. Ndakwerapo ine, yandiuza zoona zake zonse zija ndimadana nazo."

Velina anasuzumira panja. Anali asanu ndi atatu, atakhala mondondozana, aliyense mankhwala ali pamwendo. Sankacheza, sankapha ntchentche. Galu wa alonda, amene mthunzi wa mthethewo unali ngati nyumba yake, anali atakagona padzuwa kuseri kwa thanki. Nkhuku za amayi a pachitando zinkati zikafika pafupi n'kuzungulira patali.

Anamuimbira foni Lameki n'kumufotokozera zonse zimene zikanafotokozeka: belu likulira kanayi, mzere ukutha anthu asanaonedwe, dzina ndi mudzi sizikugwirizana. Za mthethe sanatchule.

"Sisi, ndinalemba kamodzi, ndiye kakuitana kamodzi," anatero Lameki, kukamwa kuli chakudya. "Kompyuta sinama. Muzimitse, muyatsenso. Ndipo za m'katimo musagwire, si za makalaliki."

Mawu akuti makalalikiwo anamulowa Velina mpaka m'mafupa. Iye anaphunzirako za makompyuta chaka chimodzi kukoleji, bambo ake asanamwalire n'kubwerera kumudzi, ndipo buku la maphunzirowo ankalisungabe mudilowa. Koma anangoti zikomo, n'kudula foni.

Lachitatu anafika molawirira. Udzu wonse wa pageti unali utanyowa ndi mame, koma aja asanu ndi atatu anali pomwe paja, ouma. Anadutsa osawayang'ana. A Thawale anamuuza kuti Lameki wawaimbira, makina awazimitsa n'kuwayatsanso, ndipo agwiritsidwa ntchito basi, poti famase sipereka mankhwala kwa munthu wosalembedwa mukompyuta.

Velina anatsegula windo monyinyirika. Woyamba anali nkhalamba, a Yosiya Kamowa a kwa Chigome. Wachiwiri anali mayi wachitsikana, Dorofe Sinoya wa kwa Mtalika. Wachitatu anali kamtsikana ka zaka zisanu ndi ziwiri, Eneti, kali ndi amake. Atadzutsa mutu kuti alandire kabuku kachinayi, anaona nkhope yoidziwa. Anali amayi ake omubereka.

A Edesi Kanyenda, amene aliyense ankawatchula kuti Anangondo, ankagulitsa tomato pamsika ndipo chipatala ankachiona ngati malo a anthu aulesi. Zaka zisanu ndi zinayi zimene Velina anagwira ntchito pamenepo, iwo anali asanapondepo. Kuti abwere okha, wapansi, m'mawa chonchi, ndiye kuti zafika povuta. Anaweramira pawindo, dzanja lamanja litapanikiza pachifuwa, n'kunong'ona kuti anthu asamve.

"Pachifuwa pakundithina ngati andikhalira. Dzanja lamanzereli lazizira kuyambira tambala woyamba."

Velina analemba. Sanali dokotala, koma zaka zonsezo zomvera madandaulo a anthu zinamuphunzitsa kuti mawu amenewa sadikira. Anatseka windo osalembanso wina, anatuluka n'kuwagwira mkono.

"Amayi, tiyeni mulowe pompano."

"Ndisiye."

"Amayi, izi si zodikira nazo."

"Iwe Velina, ndati ndisiye." Anangondo anakhala pabenchi, pamalo awo achinayi, n'kukweza mawu kuti aliyense amve. "Malume ako unawabweza pamaso pa anthu, ine ndinakuikira kumbuyo mpaka achibale anandida. Lero ukufuna anene kuti lamulo lako limathera pa amako? Atatu okha ali patsogolopa. Ndi mphepo chabe iyi, ndikhala."

Amene munakhalapo ndi mayi wouma mutu mukudziwa kuti pamenepo palibe chokoka. Velina anathamangira kwa a Thawale n'kuwapempha kuti asadine batani mpaka iye atanena.

"Mphindi khumi, a Kanyenda," anatero adokotala akuyang'ana wotchi. "Anthu akunja aja sangadikire tsiku lonse chifukwa cha maloto anu."

Anabwerera pakompyuta. Pasiwedi yolowera m'kati Lameki anaisiya pakapepala pansi pa kiyibodi, poganiza kuti anthu akumudzi sayang'ana pansi pa zinthu. Velina analowa, n'kutsegula kaundula amene makina amalembamo chilichonse chimene achita. Amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekha amako akutuwa pabenchi si ntchito yamasewera. Anadzikakamiza kuwerenga mzere ndi mzere. Pa kudina kulikonse kwa dzulo panali mizere inayi, ya sekondi imodzimodzi, ndipo mzere uliwonse unali ndi munthu wakewake.

Anatsegula kamzere kokongola ka Lameki kaja. Kanalidi kakafupi. Dzina la kamthenga lija linalembedwa kamodzi, ndipo kutsogolo kwake kunali kanyenyezi kotanthauza kuti yala madanga onse. Pamaso pa munthu panalibe cholakwika. Ndiye anakumbukira za kukoleji, kuti makinawa ungathe kuwafunsa mmene alimvera lamulo, osawalola kulichita. Anawafunsa, ndipo anamuyankha poyera. Pofuna kuyala madanga anayi, iwo ankalembanso lamulolo mwaokha, n'kukatuma kamthengako kanayi. Pita ukatenge wotsatira, undipatse dzina lake. Pita ukatenge wotsatira, undipatse mudzi wake. Pitanso, zaka. Pitanso, vuto. Ndipo ulendo uliwonse kamthengako, mokhulupirika, kankatenga munthu wina, poti woyamba uja kanali katamuchotsa kale.

Zinali ngati kutuma munthu kanayi kukhola, ulendo uno abwere ndi mutu wa mbuzi iyi, ulendo winawo mwendo wa iyo, kenako iwe n'kusonkhanitsa n'kumati nayi mbuzi. Makinawo ankasonkhanitsa munthu amene sanabadwepo n'kumuitana mokweza pakhonde. Ndipo kwathu kuno mukudziwa, ukaitana pabwalo dzina lopanda mwini, sipalephera kupezeka wovomera.

Velina anawerenga ndi zala anthu amene anawalemba m'mawawo. A Yosiya, dzina. Dorofe, mudzi. Eneti, zaka. Chala chachinayi chinakana kupindika. Mphindi khumi zija zinali zitatha, ndipo anadumpha pampando mpaka unagwa.

"Adokotala, musadine!"

Ngwe-ngwe-ngwe-ngwe.

"Yosiya Kamowa," inatero sipika, "wa kwa Mtalika."

A Yosiya anatukula mutu n'kuuweramitsanso. Pafupi ndi ndowa paja panadzuka chinthu cha msinkhu wa mwana wa sitandade wani, koma choyenda mokoka miyendo ngati nkhalamba. Dzanja lake lamanja linali litapanikiza pachifuwa, ndendende mmene Anangondo analowera. Velina anatembenukira kwa amayi ake. Dzanja lawo linali litagwera pamwendo. Nkhope inali itatuwa ngati phulusa, thukuta likuyenderera m'khosi, koma ankamwetulira pang'ono ngati munthu amene wamutula katundu.

"Amayi, pakupweteka pati?"

"Kaya, mwanawe," anayankha motsitsa. "Pena pake. Kutali."

Chitseko cha adokotala chinatseguka mwamphamvu. A Thawale anali ataona danga la vuto pagalasi lawo. "Mwana wodwala kwambiriyo alowe msanga! A Nasoko, bweretsani okosijeni!"

Botolo la okosijeni pachipatalapo linali limodzi, ndipo ambulansi yochokera kuboma inkabwera kamodzi patsiku. Velina anatsegula pakamwa kuti akuwe kuti wodwala weniweni ndi uyu apa, ndipo vuto lake ndi lakutilakuti. Mawuwo sanabwere. Zimene analemba ndi zala zake mphindi zochepa zapitazo zinali zitachoka pa lilime lake. Ankaliona dzanja lija pachifuwa cha chinthucho, ankadziwa kuti ndi la amayi ake, koma kuti alitchule vutolo, kukamwa kunkangotuluka mpweya.

Mantha anali nawo, musaganize kuti analibe. Koma pamwamba pa manthawo panakwera mkwiyo, ndipo mkwiyo wa Velina unali wachibadwa. Anathamanga, anadumpha miyendo ya anthu, n'kukaima pakhomo la adokotala, manja atatambasula.

Chinthucho chinaima patsogolo pake. Panamveka fungo la chipinda chimene sichinatsegulidwe chaka chonse, ndipo mpweya wozizira unamukhudza m'miyendo. Anayesa kuchiyang'ana kumaso, koma maso ake ankangotsetsereka.

"Mwandiitana," chinatero. Mawuwo anayamba ngati a nkhalamba n'kuthera ngati a mwana.

"Ndakuitanani ine? Kabuku kanu kali kuti?"

"Mwandiitana."

"Dzina n'la a Yosiya awo. Mudzi ndi wa Dorofe. Zaka n'za mwana uyo. Nanga chako iwe n'chiyani? Pawindo langa unadutsa liti?"

Anthu pabenchi anayamba kukuwa. "Musiyeni alowe, mayi inu, musatiputire tsoka!" Ena anali atanyamula kale ana awo kuthawira kuseri. A Thawale, amene ankangoona mwana wodwala atatsekerezedwa ndi kalaliki, anapsa mtima.

"A Kanyenda, chokani pakhomo! Apo ayi ntchito yanu ithera pompano!"

"Ithe," anatero Velina osatembenuka. "Koma ichi sichilowa. Pamzere wanga sichinaimepo."

Vuto linali lakuti pakhomo ndi pakompyuta sakanaimapo nthawi imodzi. Apa m'pamene a Nasoko anatulukira, akukoka botolo la okosijeni. Anayang'ana Velina, anayang'ana chinthucho, anayang'ananso Anangondo amene mutu unali utayamba kupendekera pakhoma. Anasiya botolo, anapuma mozama, n'kumukankha Velina pambali.

"Pita, mwana wanga. Pakhomo pano ine ndemwe ndimadutsa chammbali, ndiye tione ngati pangadutse wina."

Velina anathamangira pawindo. Choyamba anawabwezera anthu anayi aja pa odikira, aliyense pamalo pake. Kenako anafufuta kamzere kokongola kaja n'kulemba kake. Kanali kotalikirapo, kosakongola, koma kankanena zomveka: tuma kamthenga kamodzi, mugwire munthuyo yense wathunthu, ndipo ukamugwira m'pamene uyale madanga ake. Anawafunsanso makina mmene amvera. Dzina la kamthenga linaoneka kamodzi.

Foni yake inalira. Anali Lameki, amene foni yake ina inamuuza kuti wina walowa m'kati. "Sisi, ndani wakupatsani chilolezo choti—"

"Makalaliki ali pantchito," anatero Velina, n'kuiponya mudilowa.

Sanadikire batani la adokotala, analamula ali pomwepo. Belu linalira kamodzi, ndipo kulira kwake kunamveka kwachilendo ngati kwa tchalitchi cha kwina.

"Yosiya Kamowa, wa kwa Chigome."

Nkhalamba ija inadzuka ndi liwiro limene mawondo ake anali ataliiwala. "Ndine! Ndine ameneyo!" Inkadziguguda pamtima ngati yapeza ng'ombe yotayika. Pakhomo paja chinthucho chinagwedezeka n'kuyamba kukankha. A Nasoko anagwira mafelemu a chitseko ndi manja onse awiri, akuimba nyimbo ya kwaya mano ali gwa, ndipo yunifolomu yawo inanyowa kutsogolo konse ndi madzi ozizira osadziwika kochokera.

Kachiwiri. "Dorofe Sinoya, wa kwa Mtalika."

"Kwathu kumeneko!" anakuwa Dorofe, akuloza kumadzulo, misozi ili chuchuchu.

Kachitatu sipika inatchula Eneti, ndipo amake anavomera m'malo mwake atamukumbatira. Chinthucho chinataya msinkhu. Sichinali chachifupi, sichinali chachitali, diso linkalephera kuchiyeza. A Thawale, amene tsopano anaona chimene ankafuna kulowetsa m'chipinda mwawo, anabwerera chambuyo mpaka anagunda tebulo.

Wina anakuwa akuloza kugeti. Aja asanu ndi atatu anali atadzuka pansi pa mthethe, ndipo ankabwera pang'onopang'ono, mankhwala ali m'manja. Velina anatulutsa mutu pawindo, ndipo mawu ake aakulu aja anamveka mpaka kuchitando.

"Inunso ndikubwera! Eni ake a zimene mwanyamulazo ndili nawo mukompyuta muno, onse makumi atatu ndi awiri, ndipo ndiwaitana mmodzimmodzi. Imani pomwepo, nthawi yanu sinakwane!"

Ndikukuuzani ine, anaima.

Atabweza mutu, chinthu chija sichinalinso pakhomo la adokotala. Chinali pawindo lake, pafupi kwambiri, pamene anthu amaika timabuku. Chinali chitatsala chochepa: dzanja, ndi pamene dzanjalo linapanikiza. Mawu ake analibenso mwini, ankangomveka ngati mphepo yolowa pansi pa chitseko.

"Ichi chokha ndisiyire. Taona amako mmene akhalira bwino. Ukadina, uwabwezera ululu wonse."

Velina anayang'ana pabenchi. Zinali zoona. Anangondo anali atatsamira khoma, maso atatseka theka, nkhope ili phee. Kuyambira tsiku limene anaika maliro a amuna awo, Velina anali asanawaonepo atapuma chonchi. Milomo yawo inali ikuda, mpweya ukutuluka pang'onopang'ono, ndipo sankamva kanthu. Akanangowasiya, akanapita mwakachetechete ngati mwana wogona kumsana. Chala chake chinaima m'mwamba, ndipo misozi inamutsekereza maso, chifukwa palibe mwana amene amafuna kupweteka amake ndi dzanja lake.

Anapukuta misoziyo ndi mkono.

"Ndi wawo," anatero. "Bweza."

Belu linalira kamodzi.

"Edesi Kanyenda, wa kwa Mbalule."

Palibe anavomera. Velina anawerenga mumtima, imodzi, ziwiri, zitatu. Kenako Anangondo anadzidzimuka ngati awathira madzi otentha. Dzanja lawo linauluka n'kutera pachifuwa, thupi lonse linapindika, ndipo mayi amene sanabuulepo pamaso pa munthu anakuwa mpaka nkhunda zinathawa padenga.

"Mayo ine! Pachifuwa! Velina, pachifuwa panga pano, ndikufa ine!"

"Mtima!" anakuwa a Thawale, akudumpha benchi ngati mnyamata. "A Nasoko, okosijeni kuno! Wina aimbire ambulansi, auzeni ndi mtima, asazengereze!"

Pawindo panalibenso kanthu, koma Velina sanaime n'komwe kuti aone. Nkhani yanga ikuthera pabenchi pamenepo, pamene anagwada pansi atawakumbatira amayi ake, adokotala akuwatsegula pakamwa kuti aikemo mankhwala, a Nasoko akulimbana ndi chipaipi cha botolo. Anangondo ankamufinya mkono mpaka zikhadabo zinalowa, akubuula, akumutukwana kuti wawachita chiyani. Velina ankalira ndi kuseka nthawi imodzi, chipumi chake chili pa chipumi chawo.

"Kuwani, amayi," ankatero. "Kuwani kwambiri, akumveni."